Nyimbo Zomveka M'mutu Pambuyo pa Matenda a Kufa Ziŵalo

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yoyendera misika, malo odyera, zimbudzi ndi zitsime, ndipo nkhani zimene ndimalemba kaŵirikaŵiri ndi za ntchentche, kolera ndi madzi akumwa. Mwezi uno ndapatuka pang'ono. Ndifuna tikambirane za vuto limene anthu salitchula pa benchi ya ku chipatala chifukwa cha manyazi ndi mantha: munthu amene anadwala matenda a kufa ziŵalo, aja ena amati sitiroko, kuyamba kumva nyimbo pamene palibe amene akuimba.

Chimene chandichititsa kulemba ndi ichi. Mnzanga wina amene amakhala ku Area 10 mu Lilongwe anatenga amayi ake kumudzi atadwala sitiroko. Dzanja lawo lamanzere linali litalefuka, koma kuyankhula ankayankhula bwinobwino ndipo nzeru zawo zinali zonse. Atatuluka m'chipatala, mwana wawo anawapatsa chipinda chabwino, chakumbuyo, chopanda phokoso, kuti azipumula. Patapita masabata aŵiri, usiku wina mayiwo anadzutsa mdzukulu wawo namufunsa kuti maliro ali pa nyumba yiti. Iwo ankamva amayi a Chigwirizano akuimba nyimbo ya m'buku, mawu onse omveka, woyambitsa ndi ovomera omwe. Mdzukulu anatchera khutu, osamva kanthu. M'maŵa anatuma wantchito kuti akazungulire mipanda yoyandikana nayo. Kunalibe maliro, kunalibe wailesi yotsegula. Nyimbo ija inabweranso usiku wotsatira, ndi winanso. Mayi aja anadziuza okha mumtima kuti ameneŵa ndi malodza, nyimboyo ndi ya maliro awo omwe. Anayamba kukana nsima, ndipo choopsa koposa, analeka kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi poti munthu woitanidwa kale safunanso mankhwala. Achibale anagaŵikana. Ena anati apite nawo kwa sing'anga, ena anati agogo ayamba misala, awatumize ku Zomba.

Onseŵa anaphonya. Koma kuti timvetse, tiyambe ndi matenda eni akewo.

Sitiroko ndi chiyani?

Ubongo umadya kudzera m'magazi. Mitsempha ing'onoing'ono yambirimbiri imafikitsa magazi ku chigawo chilichonse cha ubongo, monga ngalande zimafikitsira madzi ku mabedi a m'dimba. Mtsempha umodzi ukatsekeka ndi magazi oundana, kapena ukaphulika, chigawo chimene unkadyetsa chimayamba kufa m'mphindi zoŵerengeka. Kutsekeka ndi kumene kumachitika kwa anthu ambiri. Kuphulika kumachitika kwa ocheperapo koma kumapha msanga. Tsono popeza chigawo chilichonse cha ubongo chili ndi ntchito yake, chimene wodwala ataye chimadalira malo amene aonongeka. Wina dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zimalefuka. Wina pakamwa pamakhota. Wina mawu amamusoŵa ngakhale akudziŵa chimene afuna kunena.

Gwero lalikulu la matendaŵa kuno kwathu ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangoti BP. Kafukufuku wa dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi magazi ake anali othamanga, ndipo mwa ameneŵa oposa 9 pa 10 alionse sankadziŵa kapena sankalandira mankhwala. Kafukufuku wina wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wosindikizidwa mu 2016, anaonetsa kuti kuthamanga kwa magazi ndiko kutsogola pa zoyambitsa sitiroko, ndipo kachilombo ka HIV kamatsatira, makamaka pakati pa anthu amene sanakalambe. Choncho asakunamizeni kuti aŵa ndi matenda a mabwana a ku Capital Hill okhaokha. Amagwira mlimi wa fodya ku Mitundu monga momwe agwirira kalaliki wa ku City Centre.

Khutu limatola, ubongo ndiwo umamva

Ambiri timaganiza kuti timamva ndi khutu. Kunena zoona khutu ndi mtengatenga chabe. Limatola phokoso ndi kulipereka ku mtsempha wa kumva, mtsemphawo umalipititsa ku tsinde la ubongo, pamene ubongo ulumikizana ndi msana, ndipo kuchoka apo limakwera kufika ku chigawo cha ubongo chimene chili m'mbali mwa mutu, cha pamwamba pang'ono pa khutu. Kumeneko ndiko phokoso limasanduka chinthu chodziŵika: uku ndi kulira kwa tambala, aŵa ndi mawu a mwana wanga, iyi ndi ng'oma ya chimtali. Kufupi ndi komweko ubongo umasunga nyimbo zonse zimene munthu wamva chibadwire. Ndi nkhokwe yaikulu ndithu. Taganizani za nyimbo imene munaimba muli mu Sitandade 1. Mwina papita zaka 40 osaiimba, koma wina akangoiyamba, inu mumaitsiriza.

Pamene munthu ali bwino, nkhokwe imeneyi imakhala yotseka. Phokoso lenileni lochokera kunja ndi zigawo zina za ubongo zimagwira ntchito ya mbusa, kuletsa kuti zosungidwazo zisangotuluka mwachisawawa. Mbusa akagona ng'ombe zimaloŵa m'munda. Ndi zimene zimachitika sitiroko ikavulaza njira ya kumva, kaya pa tsinde la ubongo kaya pa chigawo cha m'mbali chija. Nyimbo zosungidwa zimayamba kulira zokha, ndipo mwini wake amazimva monga ngati zikuchokera panja, kuseri kwa khoma kapena ku nyumba ya mnansi.

Izi si zongoganizira. Dokotala wina wa opaleshoni ya ubongo, Wilder Penfield wa ku Montreal m'dziko la Canada, ankachita opaleshoni odwala khunyu ali maso, popeza ubongo weniweniwo sumva kuŵaŵa. Akakhudza chigawo cha m'mbali chija ndi kamphamvu kochepa ka magetsi, odwala ena ankanena kuti akumva nyimbo, ndipo akachotsa kachitsuloko nyimbo inkaleka. Zimenezi anazilemba mwatsatanetsatane mu 1963. M'chaka cha 2000 dokotala wina, Tim Griffiths wa ku Newcastle ku England, anajambula ubongo wa anthu 6 ovutika kumva amene ankamva nyimbo za m'mutu. Anapeza kuti pa nthaŵi imene nyimbozo zinkamveka, zigawo zambiri za ubongo zimene zimagwira ntchito munthu akamamvera nyimbo zenizeni zinali pa ntchito. Tsono wodwala akati “ndikumva nyimbo” sakunama, ndipo sakulota. Ubongo wake ukumvadi, kungoti woimba ali m'kati.

Nkhani yodziŵika kwambiri ya vutoli inalembedwa ndi dokotala wa ubongo Oliver Sacks wa ku New York m'buku lake la mu 1985. Mayi wina wa zaka 88, wosamva bwino, amene dzina lake analibisa, anadzuka usiku wina mu Januwale 1979 akumva nyimbo za kwawo ku Ireland zimene anazimva ali kamwana. Nayenso anayamba wafunafuna wailesi imene wina anaiŵala kutseka. Atamuyeza anapeza kuti kamtsempha kakang'ono kanatsekeka ku chigawo cha m'mbali cha kumanja kwa ubongo wake. Pamene malowo ankapola nyimbo zinkachepa, ndipo patapita miyezi itatu zinatheratu. Chodabwitsa ndi chakuti mayiyo anazisoŵa zitapita, chifukwa zinamukumbutsa ubwana umene anali atauiŵala. Ndatchula nkhaniyi kuti muone kuti cha ku Area 10 ndi cha ku New York ndi chimodzi. Wa ku Ireland amamva za ku Ireland. Wa kuno amamva nyimbo za m'buku, za Chigwirizano kapena za Mvano, za kwaya ya ku tchalitchi, za ku chinamwali, ng'oma za gule, kapena nyimbo imene wailesi ya MBC inkaikonda iye ali mnyamata. Ubongo umatulutsa zimene unasunga.

Makutu ogontha ndi nyumba ya zii

Apa ndifuna kukhalitsapo, chifukwa ndi pamene achibale angathandize kwambiri. Madokotala aŵiri a ku Germany, Evers ndi Ellger, anasonkhanitsa mu 2004 nkhani za odwala 132 amene anamvapo nyimbo zoterezi. Ambiri mwa iwo anali amayi, ambiri anali achikulire, ndipo chifukwa chimene chinapezeka kaŵirikaŵiri koposa zonse chinali kusamva bwino kwa makutu. Zifukwa zina zinali matenda a maganizo, kuvulala kwa malo ena a ubongo monga ndi sitiroko kapena chotupa, khunyu, ndi mankhwala kapena zoledzeretsa.

Khutu likayamba kugontha, ubongo umakhala ndi njala ya phokoso, ndipo posoŵa chochokera kunja umatapa m'nkhokwe yake. Zifanana ndi za munthu wodulidwa mwendo amene amamvabe kuyabwa ku chala chimene kulibe. Zimachitikanso ndi maso: okalamba ena amene maso awo achita ng'ala amaona anthu kapena maluŵa pamene palibe, chikhalirecho nzeru zawo zili bwino. Tsono gogo amene makutu ake anayamba kale kufooka ndi ukalamba, akadwalanso sitiroko, zifukwa ziŵiri zakumana pa munthu mmodzi.

Chachitatu timaonjezera ndife, mosadziŵa, chifukwa cha chikondi. Kumudzi gogo sakhala pa zii. Pali mtondo, pali mbuzi, ana akulira, odutsa akupereka moni. Ngakhale ku Old Town, cha ku msika ndi ku depoti ya mabasi, khutu silipuma: oitanira minibasi, okhoma zidebe, kuitana kwa ku mzikiti. Koma pitani ku Area 10, Area 12 kapena Area 43 nthaŵi ya 10 koloko m'maŵa. Mipanda ya njerwa yaitali, zipata zotseka, eni nyumba ali ku ntchito, ana ali ku sukulu. Gogo watengedwa kumudzi kuti akhale pafupi ndi chipatala, chimene ndi chinthu chabwino, koma waikidwa m'chipinda chakumbuyo yekhayekha kuyambira m'maŵa mpaka madzulo. Ine ndimati chipinda chotere chimadwalitsa. Nyimbo za m'mutu zimakula pamene pali chete, n'chifukwa chake ambiri zimawavuta usiku, ndipo zimachepa pamene munthu akucheza kapena akugwira kantchito.

Kodi ndi misala? Kodi ndi ufiti?

Ayi. Munthu wa vuto limene tikukambali amadziŵa dzina lake, amadziŵa tsiku, amazindikira abale ake, amaŵerenga ndalama zake bwinobwino. Poyamba amafunafuna kumene nyimbo ikuchokera, monga angachitire wina aliyense, koma akaona kuti ena sakuimva amavomera kuti ili mwa iye. Ambiri akafika apa amatseka pakamwa, kuopa kutchedwa amisala. Paja akuluakulu anati mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Wodwala wotere tiyenera kumufunsa ife, mofatsa ndi mwaulemu: “Agogo, kodi pali zimene mumamva m'makutu zimene ife sitikuzimva?”

Za ufiti ndinenepo mosabisa. M'midzi mwathu nkhalamba imene yanena kuti imamva ng'oma usiku ili pa ngozi, chifukwa ena sachedwa kunena kuti imapita kotamba. Okalamba amenyedwapo ndi kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha mphekesera zotere. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo wonenayo ndiye amapalamula mlandu. Inu a mfumu, inu akulu a mpingo, mukamva nkhani yotere m'mudzi mwanu, funsani kaye ngati gogoyo anadwalapo kufa ziŵalo ndiponso ngati amamva bwino. Kutemera mphini m'mutu kapena kuthira madzi a zitsamba m'khutu sikufika pamene pali vuto, ndipo kungabweretse mafinya pa khutu limene linali lofooka kale.

Komabe pali zizindikiro zina zimene sitiyenera kuzipeputsa. Ngati wodwala akumva mawu a anthu omunyoza, omuopseza kapena omulamula kuti adzipweteke kapena apweteke ena, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo afunika kuonana msanga ndi anamwino kapena dokotala wa matenda a maganizo. Pa chipatala chachikulu cha boma lanu adzakuuzani kumene ali. Ngati wasokonezeka mwadzidzidzi, sakudziŵa kumene ali, thupi latentha, mwina ndi malungo, chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo ameneyo ndi wothamanga naye tsiku lomwelo. Munthu amene ankamwa kachasu tsiku ndi tsiku nasiya mwadzidzidzi chifukwa chogonekedwa m'chipatala angathenso kumva ndi kuona zachilendo, uku akunjenjemera; musabise za moŵawo kwa adokotala.

China ndi khunyu. Pamene sitiroko yapola pamatsala chipsera mu ubongo, ndipo chipsera chimenechi nthaŵi zina chimayambitsa khunyu. Si khunyu lonse limene limagwetsa munthu pansi ndi kutulutsa thovu. Lilipo lina laling'ono: nyimbo imabwera mwadzidzidzi, imodzimodzi nthaŵi zonse, imakhala mphindi imodzi kapena ziŵiri, wodwala amangoti maso tong'o, mwina akutafuna pakamwa popanda kanthu kapena akumva fungo lachilendo, kenaka amatsitsimuka ali wotopa. Mukaona zotere fotokozani bwino ku chipatala, chifukwa mtundu umenewu umamva mankhwala a khunyu monga carbamazepine. Mankhwalaŵa ngolembedwa ndi dokotala. Musapemphe kwa mnansi amene ali ndi mwana wakhunyu.

Ndiponso musaiŵale mtima wa wodwalayo. Pa anthu atatu amene apulumuka sitiroko, pafupifupi mmodzi amagwidwa ndi matenda a kukhumudwa: safuna kudya, safuna kuyankhula, amalira, amati kuli bwino kufa. Ameneŵa ndi matenda ochizika, si kuuma mutu.

Zoyenera kuchita

Pitani naye ku chipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo munyamule buku lake la kuchipatala pamodzi ndi mankhwala onse amene akumwa, ogula pa golosale omwe. Mankhwala ena amaliza makutu. Amene munamwapo kwinini pa malungo mukukumbukira mmene makutu ankalirira. Asipirini womwa wambiri amachitanso chimodzimodzi, ndipo majekeseni ena monga gentamicin ndi streptomycin angathe kugonthetsa. Koma kusiya kapena kusintha mankhwala ndi kwa adokotala, osati kwa inu.

Pemphani kuti amuone m'makutu. Kaŵirikaŵiri mumapezeka phula louma lotseka njira, ndipo likachotsedwa munthu amayamba kumva bwino tsiku lomwelo. Musatokose ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga ya nkhuku. Mumangokankhira phulalo m'kati, mwinanso kuboola nembanemba ya khutu. Ngati makutu afooka ndi ukalamba, timakina tovala m'khutu tothandiza kumva timachepetsa nyimbozi mwa anthu ambiri, popeza ubongo umayambanso kulandira phokoso lenileni. Mu Lilongwe, ku ABC Hearing Clinic ku Area 47 amayeza makutu ndi kuika timakinati. Odwala ofunika kuyezedwa mozama amatumizidwa ku Kamuzu Central, chipatala chachikulu cha chigawo cha pakati chimene chinatsegulidwa mu 1977. Yambirani ku chipatala chanu chaching'ono kuti akupatseni kalata.

Kunyumba, mutulutseni wodwala m'chipinda. Akhale pakhonde kapena pansi pa mtengo pamene anthu akudutsa. Asankhe nyemba, atongole chimanga ndi dzanja labwinolo, ayang'anire adzukulu. Wailesi ikhale pafupi, yotsegula pang'onopang'ono, makamaka nthaŵi yogona. Ena amapeza kuti akaimba mokweza nyimbo ina, ya m'mutu ija imathaŵa. Apitirize mafizo monga anauzidwira, agone mokwanira, ndipo anzake a ku mpingo kapena ku mzikiti azibwera kudzacheza naye. Koposa zonse muuzeni chimene chikuchitika. Ndaona kuti munthu akangomva kuti vuto lake lili ndi chifukwa chodziŵika, kuti ena analiona, ndi kuti si chizindikiro cha imfa kapena cha misala, theka la katundu limatsika pomwepo. Kwa ambiri a sitiroko nyimbozi zimazilala pakapita masabata kapena miyezi. Kwa ena, makamaka ogontha, zimakhalitsa, koma munthu amazizoloŵera monga azoloŵerera mkokomo wa chigayo amene amakhala pafupi nacho.

Chimene chimapha si nyimbo, koma sitiroko yachiŵiri. Amene wadwalapo kamodzi ali pa ngozi yaikulu yodwalanso, ndipo chomutchinjiriza chachikulu ndi kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku lililonse, ngakhale akumva bwino m'thupi. Magazi akamafika pa 140/90 kapena kupitirira poyezedwa kangapo, ndiye kuti ndi othamanga. Mchere uchepe: bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuŵerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Amayi, soda amene mumathira m'therere ndi m'nkhwani ali m'gulu lomwelo la mchere. Fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe, asiyidwe. Amene ali ndi matenda a shuga kapena ali pa ma ARV asadumphe masiku awo a ku chipatala.

Ndipo nyimbo kapena kulira kwa m'makutu kukayamba mwadzidzidzi pamodzi ndi kukhota pakamwa, kulefuka kwa dzanja kapena mwendo, lilime kulemera, chizungulire chachikulu, kuona zinthu ziŵiriziŵiri kapena kugontha kwadzidzidzi, musadikire kuti kuche. Pezani njinga yamoto, ngolo kapena galimoto nthaŵi yomweyo. Mugonekeni chammbali, musamumwetse madzi kapena phala chifukwa angatsamwe, ndipo musamupatse asipirini musanauzidwe, popeza ngati mtsempha waphulika asipirini amaonjezera kukha magazi.

Mayi a ku Area 10 aja anapita nawo ku chipatala tsiku lachisanu chilekereni mankhwala, magazi atakwera kwambiri. M'khutu limodzi anapezamo phula, ndipo makutu onse aŵiri anali ofooka ndi ukalamba. Adokotala anakhala nawo pansi nawafotokozera za kamtsempha ndi za nkhokwe ya nyimbo, iwo navomera kuyambiranso mankhwala. Mwana wawo anawasamutsira ku chipinda choyandikana ndi khitchini, nawagulira kawailesi, ndipo Lachinayi lililonse amawaperekeza ku msonkhano wa amayi. Pamene ndinakawaona patapita miyezi inayi anandiuza kuti amayi a m'mutu aja amabwerabe mwa apo ndi apo, makamaka magetsi akazima, koma tsopano amaimba chapansipansi, ndipo amangobwereza ndime yoyamba.